Tsiku limene ndinapha amalume pa WhatsApp

Kumtundu kwathu ine ndi amene ndimadziwika kuti ndimadziwa za mafoni. Sanachite kundisankha pabwalo ayi. Udindowu unangondigwera chifukwa ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe, ndiponso ndine ndinatsegula gulu la pa WhatsApp la abale onse, kuyambira akumudzi ku Mitundu mpaka ana a amayi aang'ono amene ali ku Joni ndi ku Leeds. Nkhani iliyonse ya pamtundu inkadzera mwa ine, ndipo ndinkayenda nazo mapewa m'mwamba.

Sabata imeneyo amalume, amene ndi mwinimbumba wathu komanso mkulu wa mpingo, anali ku Blantyre kokaonana ndi madokotala chifukwa cha shuga ndi BP. Anapita ndi akazi awo, amene ife timawatchula kuti azakhali, pamodzi ndi kamdzukulu kawo konyamula zikwama. Tonse mitima inali m'mwamba, pakuti madalawo miyendo inali itayamba kutupa.

Lachisanu m'mawa ndili kuntchito, foni inalira. Voice note ya azakhali. Muyenera kudziwa katumizidwe kawo ka mawu. Chala chawo sichikhazikika pa kabataniko, ndiye nkhani imodzi imafika mzidutswazidutswa, ina ya masekondi asanu, ina ungomva akupuma basi. Ndinaika foni kukhutu. Kumbuyo kunali phokoso la anthu ambiri, iwo akupuma mwabefu, mawu akunjenjemera.

"Mayo ine, mwana wanga! Amalume ako atisiya..."

Inathera pomwepo. Ndinadikira chidutswa chachiwiri, osabwera. Ndinaimba, kamayi ka mufoni kaja n'kundiuza kuti nambalayi sikupezeka. Ndinaimba ka foni ka mabatani ka amalume, kozimitsa. Apo ndiye ndinangokhala pansi, misozi payokha mbwembwembwe.

Kale uthenga wa maliro unali ndi njira yake. Ankatuma mnyamata pa njinga kukanena kwa amfumu, amfumu n'kudziwitsa adzukulu, ndipo abale akutali ankamvera pa wailesi ya MBC nthawi ya mauthenga achisoni, nyumba yonse ili zii kutchera khutu ku mayina. Zinali zochedwa, komabe panjira ponse pankakhala munthu wofunsa kuti, "Kodi mwaona ndi maso anu?" Ine wondifunsa panalibe. Chomwe ndinali nacho ndi bandulo ya sabata yathunthu ndi chithunzi chokongola cha amalume atatchena suti ya ku ukwati wa mlongo wanga.

Ndinalemba pagulu paja kuti, "Abale, kwagwa zovuta. Mtengo waukulu wagwa. Amalume atisiya m'mawa uno." Ndinaikanso pa status ndi pa Facebook, ndi timakandulo titatu pansi pake. Ndinaona ngati sizikukwanira, ndiye ndinawonjezera vesi.

Ndisanapukute n'komwe misozi, msuweni wanga wa ku Johannesburg anali atatsegula kale gulu lina lotchedwa "Maliro a Amalume", ine n'kundiika admin. Mlongo wa ku Leeds anaimba pa video akulira mpaka chithunzi chinauma pa sikirini ali kukamwa yasa. Mnyamata wina wa kwaya, amene amadziwa zokonza zithunzi pafoni, anatulutsa poster ya amalume ali m'mitambo, nkhunda ziwiri zoyera kumapewa, pansi atalemba Sunrise ndi Sunset. Chaka chobadwa anachita kupeka yekha, anawachotsera zaka zisanu ndi chimodzi. Ndalama zinayamba kulowa: ena pa Airtel Money, ena pa Mpamba, a ku Joni pa Mukuru. Ine ndikulemba mndandanda wa chipepeso mosamala, dzina ndi ndalama, kuti pasadzakhale zokayikirana.

Wina akafunsa kuti thupi lili kuti, ndinkayankha molimba mtima kuti azakhali ali nalo ndipo tidziwitsidwa. Mmene inkakwana 12 koloko, uthenga wanga womwe uja unandibwerera kuchokera ku gulu la anzanga a kusukulu, pamwamba pake patalembedwa kuti Forwarded many times, koma utanenepa. Tsopano amalume anali atafa pa ngozi ya basi pa Linthipe. Pa Facebook mayi wina amene sindimudziwa analemba kuti iye anaona yekha akuwanyamula. Kumudzi nako zinali zitamveka kale kuti imfayi si yabwinobwino, pali dzanja la bambo amene amalimbirana nawo malire a dimba. Ine, mwini nkhani, ndinayamba kufunsa anthu kuti andiuze zambiri za ngoziyo.

Ndinapempha chilolezo kuntchito, n'kukwera kabaza kupita ku Mchesi, kumene akalipentala amayala mabokosi m'mbali mwa msewu. Ndinasankha lapakatikati, osati lodula kwambiri, osatinso lochititsa manyazi, ndinapereka theka la ndalama n'kunena kuti tidzatenga mawa. Kenako minibasi ya ku Mitundu.

Kumudzi ndinapeza zonse zili m'malo mwake. Masamba anali ataikidwa kale pamsewu, apanjinga akutsika n'kumakankha. Amayi a Chigwirizano anali atadzaza m'nyumba akuimba nyimbo zachitonthozo, ena akubwera ndi mitolo ya nkhuni ndi mabeseni a ufa. Azibambo anali pansi pa mtengo wa mango. Amfumu anandiyang'ana ndi diso lofiira, chifukwa iwo maliro a m'mudzi mwawo anawamvera kwa kamdzukulu kawo ka Fomu 2 kamene kanaona pa status. Komabe anthu anandipatsa mpando wabwino, akunong'onezana kuti mwana uyu ndiye wagwira ntchito.

Dzuwa litapendeka, ndinaimirira kuti ndiwerenge mndandanda wa chipepeso. Ndinali pa dzina lachisanu ndi chitatu pamene ndinaona kuti palibe akundimvera. Onse maso anali kumsewu. Kumeneko munthu wina wa chipewa anali akutsika pa kabaza, mwaulemu ndithu chifukwa cha masamba aja, jumbo ya buledi kumanja. Analipira wakabaza, anavula chipewa, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono molunjika kunyumba ya siwa.

Sindinadziwe kuti azibambo okalamba amathamanga chonchija. Mkulu wina amene amayendera ndodo chaka chonse anaisiya pomwepo n'kulumpha mpanda wa khola. Amayi a m'nyumba anatulukira khomo lakuseri, nyimbo ili pakamwa. Amfumu okha ndi amene anakhalabe pampando, ndipo pambuyo pake anaulula kuti miyendo ndiyo inakana. Ine ndinangoti chilili, kope la chipepeso m'manja.

Amalume anafika pamene ndinaima, nkhope ili yachisoni, n'kundifunsa motsitsa mawu.

"Mphwanga, ndani watisiya?"

Ndinayesa kuyankha, koma pakamwa panangotuluka mpweya. Nthawi yomweyo foni m'thumba inayamba kulira motsatizana, ting, ting, ting. Zidutswa zija za azakhali, zonse zinafika pakamodzi. Amfumu anati ndiziike pa loud kuti aliyense amve, ndipo anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi kuchokera m'chimanga.

"...atisiya pa Lizulu pano, iwe!" Ting. "Ife tinangotsika kuti tigule mbatata ndi kabichi, basi n'kunyamuka iwo ali m'tulo." Ting. "Ndalama zonse zili m'jekete mwawo, foni yawo ili m'chikwama changa." Ting. "Ukawachingamire ku depoti, asasochere. Bandulo ikutha, moto nawonso..."

Amene anadutsapo pa Lizulu pamsewu wa M1 akudziwa mmene zimakhalira: basi ikangoima, ogulitsa tomato, anyezi ndi mbatata amaizinga mbali zonse, ndipo dalaivala sadikira munthu amene akunenerera mtengo. Azakhali anatsala pamenepo ndi kamdzukulu ndi thumba la mbatata, bandulo itatha, batire litafa. Anadzapeza lole ya tomato madzulo, ndipo ndi mmene anatchajitsa foni. Amalume nawo anadzidzimuka basi italowa kale mu Lilongwe. Anakhala pa depoti masana onse kudikira akazi awo, anamwa tiyi, anagula buledi, atatopa anati basi akandipeza kunyumba.

Ndinathamangira kufufuta. WhatsApp inatipatsa Delete for everyone kuyambira 2017, ndipo ndinaidina ndi zala zonjenjemera. Koma everyone ameneyo ndi wa m'gulu lako lokha. Ma screenshot anali atafika kale kumene ine sindinafikeko chibadwire. Ndinalemba uthenga wina kuti amalume ali moyo, ndinawajambulanso video ataimirira pakhonde akugwedeza dzanja. Uthenga wa imfa unagawidwa ndi anthu osawerengeka, koma wa moyowu anaugawa ndi anthu awiri, ndipo mmodzi analemba pansi pake kuti video imeneyi ndi ya AI, tisamasewere ndi anamfedwa.

Usiku umenewo nsima ya maliro inadyedwa ndithu, chifukwa inali itaphikidwa kale. Amalume anakhala pakati, anavala magalasi, n'kundilamula kuti ndiwawerengere zonse zimene anthu analemba pa Facebook, osadumpha ngakhale chimodzi. Ankangogwedeza mutu. Pa poster ija anayang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kunena kuti mnyamatayo ali ndi luso ndipo chaka chobadwacho asachisinthe. Pamene ndinafika pa ndemanga ya bambo wa golosale ya pa Mitundu, amene analemba kuti, "Pitani bwino madala, ngongole ya feteleza ija ndakhululuka," amalume anawongoka.

"Bwereza pamenepo."

Ndinabwereza.

"Chimene umati sikirinishoti chija, jambula msanga asanafufute."

M'mawa mwake mlandu unakhala pabwalo. Msuweni wina amene anaphunzirako pang'ono anayamba kundiopseza ndi lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti, akutchula MACRA ndi apolisi, koma amfumu anamudula kuti za m'mudzi muno zithera m'mudzi muno. Anandigamula mbuzi imodzi chifukwa cholengeza maliro mwini mudzi asanamve, ndi nkhuku yopepesera bambo wa dimba uja, amene anagona kwa mlongo wake poopa kuwotcheredwa nyumba. Anati ndithokoze kuti adzukulu anali asanakhudze khasu, chifukwa ukanakhala mlandu wina.

Chipepeso ndicho chinavuta. A ku Joni ankafuna ndalama zawo zibwerere. Amalume anati ndalama zinatumizidwa m'dzina lawo, ndipo aka n'koyamba kuti ana amenewa awatumizire kanthu osachita kupemphedwa. Anagwirizana zogawana pakati, theka likhale la mankhwala a shuga. Kalipentala wa ku Mchesi naye anakana kubweza theka lija, anati bokosi siliwola, lidzagwirabe ntchito. Nditawafotokozera amalume, ndinkayesa akwiya chifukwa cha mawu amenewo. Iwo anangofunsa mtengo wa bokosilo. Nditatchula, anavula magalasi.

"Ine ndinakulipirira fizi kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, iwe n'kundisankhira lapakatikati?"

Pa zonse zimene ndinachita tsiku lija, ichi chokha ndi chimene sanandikhululukire mpaka lero. U-admin anandilanda pa magulu onse awiri. Gulu la "Maliro a Amalume" likadalipo, anthu amatumiziranamo mavesi a m'mawa ndi mitengo ya soya, ndipo eni akewo anakana kuti dzina lisinthidwe, akuti lidzafunika.

Chaka chitatha, Facebook inachita zimene imachita, kukumbutsa anthu zimene anaika tsiku ngati lomwelo. Ine zanga ndinafufuta, koma mnyamata wa kwaya uja poster yake anaisiya. Inamutulukira m'mawa, iye osaganiza n'kuigawanso, nkhunda zake zili pomwepo. Isanakwane 8 koloko foni yanga inalira, nambala ya ka foni ka mabatani kaja.

"Mphwanga," anatero amalume, kumbuyo kukumveka amayi akuyamba nyimbo, "tandiuza msanga ndidziwe chovala. Ndamwaliranso?"