Mphepo ziwiri pa laputopu yanga: pomwe ndafika

Mwezi uno ndakhalira OpenFOAM, pulogalamu ya pakompyuta yoyerekezera kayendedwe ka mpweya ndi madzi, makamaka gawo lake lotchedwa rhoCentralFoam, lomwe limawerengera mpweya wothamanga mpaka kupanikizika. Chomwe ndamanga n'chosavuta kufotokoza: mphepo ziwiri zolowera mbali imodzi, yapamwamba yothamanga, yapansi yochedwerapo. Pomwe zikukhudzana pamabadwa akamvuluvulu amene amasakaniza mpweya wa uku ndi uku.

Ndikusintha chinthu chimodzi chokha, convective Mach number. Mumatenga kusiyana kwa liwiro la mphepo ziwirizo, n'kugawa ndi liwiro la mawu la mbali zonse ziwiri mutaliphatikiza. Mu mpweya wa madigiri 20, mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi.

Pa 0.2 chithunzi chimakoma. Akamvuluvulu amakula ozungulira bwino, wina kumeza mnzake, mzere wosakanikirana n'kumatambasuka ngati mtsinje wosefukira. Nditakweza kufika pa 0.8 zinasintha. Akamvuluvulu aja anaphwatalala, kumezana kunachepa, ndipo m'mbali mwawo munayamba kuoneka timizere tathwa pomwe mpweya wapanikizika mwadzidzidzi. Liwiro lachuluka, koma kusakanikirana kwachepa!

Akatswiri awiri, Papamoschou ndi Roshko, anayeza zimenezi ku yunivesite ya Caltech ku America, n'kufalitsa zotsatira zake mu 1988. Anapeza kuti nambalayi ikakwera kwambiri, mzerewo umangokula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a momwe ukanakulira pa liwiro lochepa. Chifukwa chomwe chimandigwira mtima n'chakuti mbali ziwiri za kamvuluvulu zimamvana kudzera m'kusintha kwa mphamvu yokankha ya mpweya, ndipo uthengawo sungapose liwiro la mawu. Ukamafika mochedwa, kamvuluvulu amalephera kuzungulira ngati chinthu chimodzi. Ili ndiye limodzi mwa mavuto a injini za scramjet, zomwe zimawotcha mafuta mu mpweya wothamanga kuposa mawu, monga ya ndege yoyesera ya X-43A yomwe inafika Mach 9.6 (liwiro la mawu kuchulukitsa ka 9.6) mu 2004: mafuta ayenera kusakanikirana ndi mpweya m'kanthawi kochepetsetsa.

Zithunzi zanga za 0.8 sindikuzikhulupirira kwenikweni. Ndikuwerengera m'litali ndi m'mwamba mokha, pomwe akatswiri ena, Sandham ndi Reynolds, anasonyeza kuti kupitirira 0.6 mafunde opingasa ndi amene amalamulira. Kuti awoneke pafunika kuwonjezera m'lifupi, ndiye kuti timabokosi ta gridi, tomwe kompyuta imagawamo malo owerengera, tichuluka kwambiri. Laputopu imatentha kale moti ndimaikhazika pa njerwa ziwiri kuti fani ipume.

Chotsatira ndi gridi yaing'ono ya mbali zitatu pa 0.8, yoyenda usiku wonse, ndikusunga zotsatira pafupipafupi kuopa magetsi akazima.