Maliro Lachinayi, chinkhoswe Loweruka: sabata ya wojambula ku Joni

Lolemba sindinagwire kamera. Ndinaswera kunyumba ku Rosettenville kukonza zithunzi za ukwati wa sabata yatha ndi kuyankha mauthenga a anthu onenerera mtengo.

Ntchito yeniyeni inabwera Lachiwiri. Anandiimbira foni mayi wina wa m'komiti ya maliro: m'bale wawo watisiya, thupi linyamuka Lachisanu kupita ku Mangochi, ndipo Lachinayi kukhala mwambo wotsanzikana womwe abale akumudzi akufuna kuonera pa Facebook. Amene anakhalapo pa mwambo wotere akudziwa kuti sufupika. Alankhula akubanja, a komiti awerenga zopereka, kwaya iimba, kenako abusa. Ndipo abusa sungawauze kuti tadikirani pang'ono ndisinthe batire.

Kamera yanga ndi Sony A7 III, batire yake ndi NP-FZ100, ya 7.2V ndi 2,280mAh. Pojambula zithunzi ndi batire yolimba. Pa kanema wosalekeza siifika maola anayi, ndipo m'mwezi uno wa Julayi, Johannesburg atazizira chonchi, imafooka msanga. Choncho Lachitatu lonse ndinali kuyesa zipangizo ndi mnyamata wondithandiza, wa ku Dedza, yemwe ndikumuphunzitsa ntchitoyi.

Njira zoti kamera ijambule nthawi yaitali osasintha batire zilipo ziwiri. Yosavuta ndi kulumikiza power bank ku kamera ndi waya wa USB-C, batire ili m'kati momwemo. Batire imathabe, koma pang'onopang'ono, ndipo waya ukazuka kamera siizima. Inayo ndi dummy battery, kachinthu kooneka ngati batire koma kali ndi waya wotulukira pansi pa kamera. Apa mpofunika kusamala. Power bank wamba amatulutsa 5V, pomwe kamera imafuna pafupifupi 8V, ndiye pamafunika power bank wa mtundu wa PD (Power Delivery) wotha kupereka 9V ndi waya wokhala ndi kabokosi kotsitsa mphamvuyo kuti ifike pa mlingo wake. Zotchipa zosadziwika kochokera zadzadza m'mashopu a m'tauni. Ine sindiziika m'kamera yomwe ndinaigula ndi thukuta.

Mnyamata uja anawerenga pa power bank wanga nati, "Achimwene, 20,000 kugawa ndi 2,280, ndiye kuti muli mabatire pafupifupi naini umu?"

"Ayi aphwanga, manambala amenewo amanamiza," ndinatero. 20,000mAh imeneyo amaiwerengera pa 3.7V, ndiye mphamvu yake ndi 74Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu yonse imene batire yasunga). Batire ya kamera ili ndi 16Wh ndi kachidutswa. Ndiye ndi mabatire anayi ndi theka, ndipo ukachotsera yomwe imatayika ngati kutentha posintha mphamvu, werengera anayi kapena kucheperapo. Pa maliro ndi zokwanira.

Lachinayi ndinasankha dummy battery chifukwa kamera imakhala pa tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, malo amodzi. Choopsa chake nchakuti waya ukangozuka kamera imazima pomwepo, ndipo kanema amene amajambulidwa pa khadi akhoza kuonongeka. Choncho waya ndinaumata ndi tepi pa mwendo wa tripod, power bank ndinamumangirira pomwepo, mnyamata uja ndinamuimika pambali kuti ana othamanga asadutsepo. Ulaliki uli m'kati magetsi anazima mu holo. Zokuzira mawu zinakhala chete, abusa anangokweza mawu awo, ife kamera, laputopu ndi foni yopereka intaneti zonse zinali pa mabatire. Madzulo mlongo wa malemu anatumiza mawu kuti amayi awo anaonera mpaka pemphero lomaliza.

Lachisanu ndinagona, ndi kutchaja.

Loweruka kunali chinkhoswe ku Turffontein, ndipo kumeneko zonsezi ndinazisiya m'chikwama. Perekaniperekani ikayamba umathamanga ndi kamera m'manja, uku akuchimuna akuvina, uko akuchikazi akuponya marandi m'lichero, waya wolendewera ungakole pa chitenje cha munthu. Ena amaika power bank m'thumba la jekete waya nkudutsitsa m'dzanja la malaya. Kwa ine ndi kudzivutitsa. Pa chinkhoswe mpata wosintha batire umapezeka nthawi zonse, bola mabatire osinthira uwasunge m'thumba la m'kati kuti azimva kutentha kwa thupi.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, mnzanga wojambula wa ku Lilongwe, yemwe akubwerera kumudzi pa ndege kuchokera pa OR Tambo, amafuna kugula batire yaikulu ya makamera a kanema yotchedwa V-mount. Ndinamuuza asankhe yosapitirira 100Wh, chifukwa yoposera apo imafuna chilolezo cha kampani ya ndege, ndiponso ainyamule m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita kunsi. Mawa tikumana pa Park Station kuti tikazione limodzi.