Kilachi ndi ekizozi ya Mustang ya 1968: zimene ndaphunzira pansi pa galimoto

Ambiri amene tikuphunzira umakaniko kuno ku Joni timakulira pa ma Polo, ma Hilux ndi ma Quantum. Galimoto zimenezi chitsulo chikafa umangoimba foni, masana chafika, wamanga, mwini wake wanyamuka. Ford Mustang ya 1968 imene yakhala pa majeke m'galaja yathu nyengo yozizira yonseyi si ya mtundu umenewo. Mwini wake ankafuna kilachi yatsopano ndi ekizozi yochita kupanga pamanja kuchokera ku injini mpaka kumbuyo. Papepala zinalembedwa ngati ntchito ziwiri, ina ya sipanala ina ya moto. Pansi pa galimoto zinapezeka kuti ndi ntchito imodzi, chifukwa zonse zikulimbirana kamalo kamodzi, ndipo imene wayamba kumanga ndi imene imalamula inzake.

Galimoto zotere kwawo ku America amazitcha muscle car. Ambiri amati zinayamba ndi Pontiac GTO ya 1964, pamene John DeLorean ndi anzake anatenga injini ya V8 ya malita 6.4 n'kuiika m'galimoto yapakatikati, yamtengo woti wachinyamata wapantchito akanaukwanitsa. Mustang inatuluka mu April chaka chomwecho. Okonda mikangano amati iyoyo ndi pony car osati muscle car, koma zimenezo tiwasiyire eni ake. Pofika 1970, Chevrolet Chevelle SS 454 yamphamvu kwambiri inkatulutsa mahosipawa 450. Kenako lamulo la utsi la Clean Air Act la 1970, kukwera kwa inshuwalansi ndi vuto la mafuta la 1973 zinathetsa nyengo imeneyo. Kwa ife amakaniko, mfundo yofunika ndi ina: Ford inayamba kupanga Mustang ya chiwongolero kumanja mu 2015. Zakale zinabadwa ndi chiwongolero kumanzere, ndipo yathuyi winawake anaisinthira kumanja zaka zapitazo. Mutu wathu wonse unawawira pamenepo.

Injininso si yake yobadwa nayo. Ndi V8 ya malita 5 yotchedwa 5.0 HO, yochotsedwa mu Mustang ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, imene pochoka ku fakitale inkapereka mahosipawa 225 ndi mphamvu yopotokola ya pafupifupi 400 Nm. Mwini wake anaisinthira ma head ndi camshaft, ndiye inaposa pamenepo. Kumbuyo kwake kuli giyabokosi ya T-5 ya magiya asanu. Kilachi yakale inali itatopa: ukaponda mafuta uli m'giya 4 pamtunda, injini imalira kukwera koma galimoto osawonjeza liwiro, kenako kafungo kakupsa kaja.

Ku kalasi anatiphunzitsa kuti mphamvu imene kilachi ingagwire imadalira zinthu zinayi: kukakala kwa mbale yake, kukanikiza kwa pressure plate (chitsulo chimene chimapana mbaleyo), kukula kwa mbaleyo, ndi kuchuluka kwa nkhope zimene zikukhuzana. Pamayeso ndi chiganizo chimodzi choloweza. Pa galimoto yeniyeni chilichonse mwa zinayizi chili ndi mtengo wake. Ukawonjeza kukanikiza, pedulo imalemera, mwendo wa dalaivala umavutika pamzere wa pa N1 m'mawa. Ukafuna mbale yaikulu, flywheel (gudumu lolemera lakumbuyo kwa injini, pamene mbaleyo imakhuza) ndi bellhousing (chigoba chophimba kilachi) zimakuletsa. Yathuyi ndi ya mainchesi 10.5 basi. Ukaika mbale ziwiri, ndalama zakwera. Chotsala ndi kukakala, ndipo mwini galimoto anali atawerenga pa intaneti za mbale ya ceramic ya zikhadabo, imene amaika pa galimoto za mpikisano. Ankafuna imeneyo.

Akapitawo athu, bambo wachikulire amene anachoka kumudzi kalekale, anakana. Atachoka mwini wakeyo ndinawafunsa kuti, "Madala, poti ndalama ndi zake, bwanji osangomuikira?" Iwo anati, "Mphwanga, kilachi ikakana kutsetsereka ngakhale pang'ono, mphamvu imakafuna potulukira pena. Ukuganiza kuti ikatulukira pati?" Yankho lake ndi giyabokosi. T-5 inapangidwa kuti izipirira pafupifupi 400 Nm yomweyo, ndipo injini yadutsa kale malire amenewo. Mbale ya ceramic simagwira mwapang'onopang'ono, imangoti gwa! nthawi imodzi, ndipo kugwedeza konseko kumagwera mano a magiya. Tinaika mbale yamphamvu koma ya organic, yokhala ndi masipuling'i pakati ofewetsa kugunda, ndi pressure plate yolimba pang'ono kuposa yakale. Ine ndikugwirizana nawo: kilachi ndi yotchipa kuposa giyabokosi, bola izidyeka ndi iyoyo.

Panalinso kanthu kena kamene m'mabuku a ku America sungakapeze. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 17 peresenti ya mphamvu zake kuno. Kilachi imene ikugwira bwino ku Joni ikhoza kutsetsereka tsiku limene mwini wake watsikira ku Durban. Ndiye posankha tinawerengera mphamvu ya kunyanja, osati ya kuno.

Phunziro limene landikhala kwambiri m'mutu ndi la flywheel. Injini zazing'ono za V8 za Ford sizimalinganizidwa mkati mokha. Mbali ina ya kulemera kolinganizira imakhala pa flywheel ndi pa damper yakutsogolo. Za 302 zakale (302 ndi dzina lina la injini ya malita 5 yomweyi) zimafuna flywheel yokhala ndi kulemera kolinganizira kwa ma ounce 28, koma kuyambira cha mu 1981 Ford inasintha n'kupita pa 50. Mabowo a mabawuti ndi ofanana, ndiye yolakwika imalowa bwinobwino popanda kukana. Munthu akaitanitsa chitsulo potengera chaka cha galimoto, 1968, amubweretsera ya 28, pamene injini ili m'katimo ikufuna ya 50. Ikaliza, galimoto yonse imanjenjemera, ndipo ukaumirira kuyenda nayo ma bearing a crankshaft amatha. Pa galimoto yakale chaka cholembedwa papepala sichikuuza zambiri. Umagwada, kupukuta girisi, n'kuwerenga manambala a pa chitsulo chenichenicho.

Tisanabweze giyabokosi tinayeza ngati bowo la bellhousing lili pakatikati penipeni pa crankshaft. Umamatira dial gauge pa flywheel, nsonga yake ikukhudza m'mphepete mwa bowolo, mnzako akuzunguza injini ndi sipanala pang'onopang'ono, iwe uli chagada ukuwerenga kasingano n'kumalemba ndi choko pamwamba, pansi, kumanja ndi kumanzere. Malire ake ndi mainchesi 0.005, kapena kuti mamilimita 0.13. Yathu inali itapitirira, ndiye tinaika ma dowel opendekera dala kuti ibwerere pakati. Popanda zimenezi shafiti ya giyabokosi imalowa mopendama, magiya amavuta kulowa, ndipo aliyense amanamizira kilachi yatsopanoyo. Zina zonse ndi zachizolowezi: pilot bearing yatsopano, silo yakumbuyo kwa injini poti tinali titafika kale, manja opanda girisi pogwira mbale, ndi kumanga mabawuti modumphitsa, pang'onopang'ono.

Apa ndi pamene ntchito ziwirizi zinakumana. Mustang ya 1968 inkakankha kilachi ndi zitsulo zolumikizana zimene zinkakhala kumanzere. Chiwongolero chitapita kumanja, mapedulo nawo anasamuka, ndiye kilachi inasanduka ya haidiroliki: master cylinder kumanja, kapaipi ka mafuta n'kudutsa kupita ku foloko ya giyabokosi kumanzere. Tsono kumanjako n'kumene kumakhala sitata pa injini za Ford zimenezi. Kamalo kamene ku America kamadutsa mapaipi anayi a header, otulutsa utsi m'masilinda, momasuka, pa galimoto yathu muli sitata, bokosi la chiwongolero ndi kapaipi ka kilachi. Header yogula m'sitolo ya ku America singalowe. N'chifukwa chake ekizozi inafunika kuwotcherera pamanja. Sikunali kufuna kukongoletsa ayi.

Kutentha nakonso kuli ndi mawu ake. Utsi potuluka mu injini umafika madigiri 600 kapena kuposa pamene galimoto ikukoka. Mafuta a kilachi a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano amawira cha pa 230, koma akamwa chinyezi amatsika mpaka cha pa 155. Kapaipi ka kilachi kakayandikira header, mafutawo amawira, pedulo imangolowa pansi yopanda kanthu pakati pa msewu. Choncho kapaipiko sitinakamange mpaka titadziwa njira ya mapaipi a utsi, kenako tinakadutsitsa pamwamba, kutali, n'kukaphimba ndi chotchinga kutentha. Akapitawo anaumiriranso kuti ekizozi ikhale ndi polumikiza pa mabawuti kuseri kwa giyabokosi, kuti tsiku limene kilachi imeneyi idzathe munthu adzathe kutsitsa giyabokosi osadula paipi. Ndaonapo ekizozi zokongola kwabasi zowotchereredwa kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo popanda pomasula. Wowotcherera wotero ndimamuona ngati wodzikonda.

Za ekizozi pali mawu amene ndawamva m'magalaja ambiri, akuti injini imafuna back pressure. Si zoona kwenikweni. Injini simafuna chotchinga, imafuna kuti utsi uzithamanga. Silinda iliyonse ikatsegula valavu imaponya utsi ngati chibulumwa, ndipo kumbuyo kwa chibulumwacho kumatsala kamphepo kokoka, monga thiraki ikadutsa mwaliwiro pa M1 mapepala ndi fumbi zimaitsatira pambuyo. Kukoka kumeneko kumathandiza kutulutsa utsi wa silinda yotsatira. Paipi ikakula kwambiri utsi umachedwa, umazizira, kukokako kumatha, ndipo galimoto imafooka ponyamuka. Ikachepa kwambiri imatsamwa injini ikakwera. Pa injini ya malita 5 yoyenda mumsewu tinasankha mapaipi a header a mainchesi 1⅝, ndi mapaipi awiri a mainchesi 2½ opita kumbuyo. Mwini wake ankalakalaka a mainchesi 3, chifukwa amaoneka aukali.

Kulira kwa V8 ya ku America, kuja kumamveka ngati ikudumphadumpha, nakonso kuli ndi chifukwa chake m'manambala. Pa Ford masilinda 1 mpaka 4 ali kumanja, 5 mpaka 8 kumanzere, ndipo 5.0 HO imaphulitsa motere: 1-3-7-2-6-5-4-8. Tayang'anani: 1 ndi 3 zikutsatizana mbali imodzi, 6 ndi 5 zikutsatizana mbali inayo. Paipi iliyonse nthawi ina imalandira zibulumwa ziwiri mothinana, nthawi ina imadikira. Kapaipi kolumikiza mbali ziwirizi kamalola kuti mbali yothinanayo ipumire kwa inzake. Kakakhala ka H kulira kumakhala kwakuya, kwachikale. Kakakhala ka X kumakhala kosalala ndi kokwera. Pa galimoto ya 1968 tinasankha H, ndipo malo ake anasankhidwa ndi giyabokosi, osati ndi buku.

Kupanga kwenikweniko kumafuna kudekha. Makina opinda mapaipi wamba amaphwanya paipi pokhota, njira n'kuchepa. Ife tinagula zokhota za mandrel zopangidwa kale, zooneka ngati U ndi J, za stainless 304, n'kumadula tizidutswa. Lamulo lake n'lakuti podula pakhale powongoka ndi pakati pa paipiyo, apo ayi pakamwa pake pamatuluka ngati dzira ndipo sipakumana ndi chidutswa chinzake. Umalemba mzere ndi maka pa zidutswa ziwiri uli pansi pa galimoto, kutuluka, kudonthetsa timadontho titatu ndi makina owotcherera a TIG, kubwerera kukayesa, kutulukanso. Paipi ya silinda 4, yoyandikana ndi sitata ndi chiwongolero, inatidyera nthawi kuposa zina zonse.

Powotcherera komaliza ndinaphunzira kudzaza argon mkati mwa paipi. Umatseka mbali zonse ndi tepi, kulowetsa kachubu ka gasi mbali imodzi, kuboola kabowo mbali inayo kuti mpweya utuluke, n'kudikira. Akapitawo anandiuza kuti ndiwotcherere tizidutswa tiwiri toyeserera, kena ndi gasi mkati kena popanda, kenako ndidule ndione. Kunja tonse tinali tokongola mofanana, tamtundu wagolide. Mkati, kamene kanali ndi gasi kanali kosalala. Kamene kanalibe gasi kanali kakuda, kokakala, koyoyoka ukakanda ndi chikhadabo. Pamenepo m'pamene mng'alu umadzayambira, pamalo pamene kasitomala sadzaona. Stainless imatalikanso ikatentha, pafupifupi mamilimita 0.017 pa mita iliyonse pa digiri iliyonse. Paipi ya mamita 3 ikatentha ndi madigiri 300 imatalika mamilimita 15. Ndiye zopachikira za labala tinazipendeketsa kutsogolo ikadali yozizira, kuti ikatentha ziziwongoka.

Galimoto inatuluka, ndipo mwini wake anauzidwa kuti makilomita 800 oyamba ayende m'tauni, kunyamuka ndi kuima, osaponda mwankhanza, kuti mbale ndi flywheel zizolowerane. Wabwera kale ndi dandaulo limodzi: pa haiwe, injini ikakhala cha pa 2,000 rpm, m'galimoto mumamveka kung'ung'udza kogonthetsa m'khutu. V8 imaphulitsa kanayi pa kuzungulira kulikonse, ndiye pa 2,000 rpm ndi maulendo pafupifupi 133 pa sekondi. Mankhwala ake ndi kapaipi kotseka kumapeto, kolumikizidwa m'mbali mwa paipi yaikulu, kamene kamabweza phokosolo kuti lidzifafanize lokha. Kutalika kwake ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a funde la phokosolo, ndipo powerengera ndapeza pakati pa masentimita 70 ndi 80, kutengera kutentha kwa mpweya mkatimo. Akapitawo ati ndikapange kotha kukoka ndi kufupikitsa, tikayese pamsewu tisanawotcherere. Malo okaika alipo amodzi okha, pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, ndipo pafupi pomwepo pakudutsa paipi ya petulo.