Mmene ndinaperekera pulogalamu ku wailesi ya kanema popanda tepi

Siteshoni itangovomera kuti idzaulutsa pulogalamu yanga ya theka la ola yonena za anthu a ntchito zamanja, inanditumizira chikalata cha masamba angapo chodzaza ndi manambala: kukula kwa chithunzi, kuchuluka kwa mafulemu (tizithunzi totsatizana timene timapanga vidiyo) pa sekondi, mphamvu ya mawu, mtundu wa fayilo, ngakhale kalembedwe ka dzina la fayiloyo. Ndinachiwerenga chonse ndisanagwire kamera, ndipo aliyense wofuna kupereka pulogalamu masiku ano ndingamuuze kuti ayambire pomwepo, chifukwa zambiri zolembedwa mmenemo sizikonzeka bwino munthu utamaliza kale kujambula.

Ife amene tinayamba ntchitoyi nthawi ya matepi tinazolowera zina. Unkanyamula tepi ya Betacam SP kapena DVCAM n'kukaipereka m'manja mwa injiniya. Iye ankaiika m'makina n'kuyang'ana timivi ta mawu, akaona kuti takwera kwambiri ankangopotokola kabatani, nkhani n'kutha. Lero pulogalamu imakhala fayilo mu seva, makina osungira mafayilo a siteshoni, ndipo kompyuta imaiyambitsa yokha nthawi yake ikakwana, mwina pakati pa usiku pomwe m'chipindamo muli munthu mmodzi woyang'anira matchanelo angapo. Wopotokola batani uja kulibenso. Ntchito yake inagwera ine wopanga pulogalamu.

Kuchuluka kwa matchanelo kumeneku kunabwera ndi dijito. Mu 2006 mayiko a ku Africa, Ulaya ndi Middle East anagwirizana ku Geneva, pansi pa ITU, bungwe la United Nations loona za mafunde ndi zamtokoma, kuti nyengo yochoka ku analogi pa mafunde a UHF ithe pa 17 June 2015. Ambiri sanalikwanitse tsikulo, koma kubwerera m'mbuyo kunalibenso. Malo a 8 MHz amene kale ankanyamula tchanelo chimodzi, ndi njira youlutsira ya dijito yotchedwa DVB-T2 amanyamula matchanelo oposa khumi, kuphatikizapo mndandanda wa mapulogalamu ndi mawu olembedwa. Kuti zonsezi zikwanemo, chithunzi chimafinyidwa kwambiri, ndipo chithunzi chimene chafika chili kale ndi mavuto chikafinyidwa chimaipiratu. N'chifukwa chake masiteshoni anakhwimitsa malamulo pakhomo.

Ndinayamba ndi kamera. Chikalata chinkafuna chithunzi cha kukula kwa 1920 x 1080, mafulemu 25 pa sekondi, monga zimakhalira m'mayiko amene magetsi ake amayenda pa 50 Hz. Makamera ang'onoang'ono ndi mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa 30, kapena pa 29.97 ya ku America ndi Japan. Kusintha 30 kukhala 25 pa kompyuta n'kotheka, kungoti mafulemu asanu pa sekondi iliyonse amatayidwa kapena kusakanizidwa, ndiye kamera ikamayenda chopingasa chithunzi chimadumphadumpha. Ukajambulanso pa 30 pansi pa mababu a 50 Hz, kawirikawiri kuwala kumaphethiraphethira. Choncho m'mawa uliwonse ndinkayamba ndayang'ana nambala imeneyi ndisanadine batani lofiira. Ovuta anali mavidiyo amene ena mwa ojambulidwawo ananditumizira kuchokera m'mafoni mwawo. Foni imasintha yokha liwiro la mafulemu mkati mojambula, moti ukaika vidiyo yotereyi mu editi, mawu ndi milomo zimayamba limodzi koma pakutha pa mphindi zochepa zasiyana. Onsewo ndinawasintha kaye kukhala 25 yokhazikika.

Pojambula ndinkakumbukiranso kuti chithunzi si changa chonse. Pakona ina pamakhala chizindikiro cha siteshoni, m'munsi mungadutse mauthenga a oonera, ndipo makanema ena amadula m'mphepete. Pali anthunso amene analumikiza dekoda ku kanema wakale wa sikirini yosatambalala ya 4:3, pamene ine ndikujambula chithunzi chotambalala cha 16:9. Mayina a anthu olankhula ndinawakokera chapakati ndithu, ngakhale kuti pa kompyuta yanga ankaoneka bwino atakhala kumapeto.

Chimene chinandidyera nthawi ndi mawu. Aliyense amakumbukira kuthamangira rimoti malonda akangoyamba, chifukwa ankabwera mokuwa kuposa pulogalamu. Sikuti otsatsa malondawo ankaswa lamulo. Mamita akale ankayeza nsonga ya mawu yokha, ndiye iwo ankafinya mawu onse kuti akhale pafupi ndi nsongayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osaipyola. Mu 2010 bungwe la mawailesi a ku Ulaya la EBU linatulutsa muyezo wa R128, umene umayeza mmene khutu limamvera phokoso la pulogalamu yonse, n'kuliika pa -23 LUFS (mulingo wa phokosolo, pamene -19 ndi wokwera kuposa -23), nsonga yake osapitirira -1 dBTP (mulingo wa nsonga ya mawu). Ku America anasankha -24, ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa lamulo la CALM Act lothana ndi malonda okuwa. Siteshoni yanga inkatsata -23.

Mita ndinaisiya pomaliza. Ndinayamba ndi makutu, kulinganiza mawu a anthu olankhula kuti kalipentala wolankhula chapansipansi asamire pambali pa makaniko wa mawu aakulu. Kenako ndinalowetsa phokoso la malo ogwirira ntchito, la hamala, la sowo ndi la chopukusira zitsulo, limene ndinalijambula palokha kuti ndizitha kulitsitsa munthu akamalankhula. Nyimbo zinabwera pambuyo pa zonsezi. Ndiye ndinayeza pulogalamu yonse, mita n'kuonetsa pafupifupi -19. Ndinatsitsa zonse pamodzi ndi madesibelo anayi, osakhudza kagwirizanidwe ka mawu ndi nyimbo kamene ndinali nditakonza kale. Poyamba zimamveka ngati pulogalamu yafooka, ndipo dzanja limayabwa kuti ukwezenso. Osakweza. Zonse za pa tchanelopo zili pa mulingo womwewo, ndipo woonera anatchera kale kanema wake pamenepo. Chomwe ndinachita m'malo mwake ndi kumvetsera pulogalamuyo pa kasipika kamodzi kakang'ono, popeza makanema opyapyala a masiku ano ali ndi timasipika tofooka. Pamenepo m'pamene ndinamva kuti gitala akuphimba mawu a mayi wina wosoka zovala, chinthu chimene m'mahedifoni sichinkamveka n'komwe.

Chigawo cha wowotcherera zitsulo chinali ndi nkhani yakeyake. Ndinali ndi chithunzi chimene ndinkachikonda kuposa zonse: kamera ili pafupi kwambiri, ndodo yowotcherera ikukhudza chitsulo, moto wabuluu n'kudzaza sikirini yonse, kuthima, kuyakanso, kuthima. Chikalata chija chinali ndi ndime yonena za kuwala kothwanima. Mu December 1997 ku Japan ana oposa 600 anatengeredwa kuchipatala ataonera katuni ina imene munali kuwala kofiira ndi kwabuluu kosinthana mothamanga, ndipo ena mwa iwo anagwidwa khunyu. Muyezo umene masiteshoni ambiri amatsata ndi wakuti kuwala kusathwanime koposa katatu pa sekondi imodzi ngati kukutenga malo opitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a sikirini. Pali pulogalamu ya pa kompyuta yoyezera zimenezi, ambiri amangoitchula kuti Harding, ndipo pa chithunzi changa chija inafiira ponseponse. Ndinayesa kuchepetsa kuwala, motowo n'kusanduka chinthu chotuwa chosaoneka ngati moto. Mapeto ake ndinaikapo chithunzi cha patali, pamene motowo ndi kadontho pakati pa chithunzi, n'kudulira ku nkhope ya bamboyo atavala chigoba chake, kenako ku msoko wa chitsulo ukufuka utsi. Chinandiwawa kuchichotsa, koma sindingatsutsane ndi lamulo limeneli. Woonera amene ali ndi vutoli alibe nthawi yoti atembenuke.

Mawu olembedwa m'munsi anafuna kuti ndiwapereke m'fayilo yakeyake ya STL, osati omatiriridwa pa chithunzi, kuti woonera aziwayatsa kapena kuwathimitsa yekha pa rimoti. Mzere uliwonse unayenera kusapitirira zilembo 37, mizere iwiri basi. Malire amenewa ndi cholowa cha teletext, masamba a mawu olembedwa amene ankabwera limodzi ndi chithunzi pa kanema, imene tsamba lake linkakwana zilembo 40 m'mbali. BBC inayamba teletext yake, Ceefax, mu 1974 n'kuitseka mu 2012 analogi itazima ku Britain, koma muyezo wake tikuugwiritsabe ntchito. Chinenero cha mawu aatali chimavutika nawo, ndipo ndinkachita kufupikitsa ziganizo mosamala kuti ndisamulankhulire munthu zimene sananene.

Kuchokera pa teletext ija kunabwera batani lofiira la pa rimoti lotsegulira zinthu zoonjezera pa kanema, kenako HbbTV yolumikiza kanema ndi intaneti. Koma kunena zoona, njira imene oonera ambiri amayankhira pulogalamu ndi foni imene ili kale m'manja mwawo. Siteshoni inafuna kuti gawo lililonse lizitha ndi funso kwa oonera, iwo n'kumayankha pa SMS kapena pa WhatsApp. Apa ndinaphunzira chinthu chimene nthawi ya tepi sitinkachiganizira. Pulogalamu yomweyo idzabwerezedwa tsiku lina masana, kenako idzakhala pa intaneti miyezi yambiri. Woyendetsa pulogalamu akanena kuti "tumizani uthenga usiku uno", wina adzaonera patapita miyezi itatu n'kutumiza uthenga ku nambala imene palibenso akuiyang'ana, mwina n'kudulidwa ndalama. Ndiye tinagwirizana kuti iye azingofunsa funsolo, osatchula nambala, tsiku kapena nthawi. Nambala ndi kachizindikiro ka QR, kamene munthu amakaloza ndi kamera ya foni, zinakhala zolembedwa pa sikirini, zoti zingachotsedwe. Ndinapereka mafayilo awiri: ina yokhala ndi zolembedwa zonse, ina yoyera yopanda chilembo chilichonse pa chithunzi. Kachizindikiro ka QR ndinakayesa ndekha nditakhala patali ndi kanema, n'kuona kuti kayenera kukhalitsa pa sikirini, popeza munthu ayenera kupeza kaye foni yake, kuitsegula, n'kuloza.

Kutulutsa fayilo kunali kongotsata manambala. Anafuna fayilo ya mtundu wa MXF ya XDCAM HD422 pa 50 Mbit/s, mawu pa 48 kHz. Kumayambiriro kumakhala mizere ya mitundu, kulira kwa 1 kHz pa -18 dBFS, ndi kawotchi kolembedwa dzina la pulogalamu, ndipo fulemu yoyamba ya pulogalamu yeniyeniyo imagwera pa 10:00:00:00 ndendende, chifukwa seva imayambira pamenepo. Theka la ola lija kwenikweni linali mphindi 24 zogawidwa m'zigawo, zotsalazo n'za malonda, ndipo kutalika kwa chigawo chilichonse ndinakulemba mpaka pa fulemu. Fayilo inatuluka ya pafupifupi magigabaiti 10. Ndinaionera yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza osathamangitsa, zomwe zimatopetsa kwa munthu amene waona zithunzi zomwezo kambirimbiri, koma chimene chimapita ku siteshoni ndi fayiloyo, osati zimene zili mu editi.

Panatsala fomu. Dzina la pulogalamu, nambala ya gawo, zaka za oyenera kuonera, mndandanda wa nyimbo zonse ndi eni ake ndi kutalika kwake, chithunzi chimodzi cha pa intaneti, ndi mafotokozedwe awiri, aafupi ndi aatali. Anzanga ambiri amalemba mafotokozedwe aafupiwa mothamanga ali kale pakhomo. Ine ndimati akudzibera okha. Woonera amene ali ndi matchanelo ambirimbiri amadina batani la info, kuwerenga mizere iwiri, n'kusankha kukhala kapena kupitirira. Ndinafufuta chiganizo chakuti "pulogalamu yofotokoza za ntchito zamanja" n'kulemba za munthu mmodzi ndi chinthu chimene akupanga m'gawolo.

Fayilo ndinaikweza pa seva yawo kudzera pa intaneti, pamodzi ndi nambala ya checksum yotsimikizira kuti yafika yathunthu. Kumeneko imadutsa kaye m'makina oyesera, kenako m'maso mwa munthu. Lipoti linabwera lili ndi mizere yochepa, uliwonse ndi nthawi yake. Pena makina anadandaula kuti kuyera kwa lata limene linkanyezimira padzuwa kwapyola malire, ndipo ndinakutsitsa. Pena anati mawu asowa kwa masekondi angapo. Pamenepo panali pamene mayi wosoka uja anafunsidwa za amene anamuphunzitsa ntchito, n'kukhala chete kaye asanayankhe. Ndinayankha kuti chete ameneyo ndi wadala ndipo sindimudula. Injiniya anaonera malowo n'kuvomera, koma anandipempha kuti ndiikepo kaphokoso ka m'chipindamo chapansipansi, chifukwa makina oyang'anira kuulutsa akamva zii amaliza belu poganiza kuti mawu aduka. Ndinatenga kaphokoso kamene ndinajambula m'chipinda chomwecho anthu atakhala chete, n'kukayala pansi pa malowo.

Ataivomereza, ntchito inali isanathe. Chilolezo cha nyimbo imodzi chinali cha kuulutsa pa kanema pokha, ndiye pa gawo la pa intaneti ndinaisintha ndi ina, apo ayi makina a YouTube ozindikira nyimbo akanatha kuitseka vidiyoyo kapena kupereka ndalama za malonda kwa mwini nyimbo. Mawu ndinawakwezanso kufika cha m'ma -14, poti pa intaneti -23 imamveka yotsika pambali pa mavidiyo ena. Anafunanso timavidiyo tatifupi toimirira ta pa foni, ndipo apa kukokera anthu chapakati kuja kunandipulumutsa, chifukwa podula 16:9 kukhala 9:16 pamatsala kachigawo kochepera gawo limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi mwa chithunzi. Zithunzi zimene munali anthu awiri okhala motalikirana sizinatheke, moti gawo lotsatira ndinalijambula ndi mizere iwiri yoimirira pa sikirini ya kamera yondionetsa pamene foni idzadule.