Mlungu wa ku Swakopmund, kumene wophika amadya zophika anzake

Ntchito yanga ndi yophikira alendo pa thiraki ya maulendo ataliatali, ija imanyamuka ku Cape Town n'kukatsitsa anthu ku Victoria Falls patatha pafupifupi milungu itatu. Pa thirakipo antchito tilipo atatu: adalaivala a ku Chipata, mayi wotsogolera ulendo wa ku Zimbabwe, ndi ine wa mapoto wa ku Salima. Alendo amagona m'matenti, ndipo chilichonse cholowa m'kamwa mwawo chimadutsa m'manja mwanga, kupatula pamalo amodzi. Tikafika ku Swakopmund, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic ku Namibia, anthu amagona pabedi ndipo amadya kumalesitilanti. Abale kumudzi amaganiza kuti amenewo ndi masiku anga opuma, koma ndi masiku amene ndimayenda wapansi kuposa ena onse.

Lolemba tinadzuka kusanache ku Sesriem kuti alendo akakwere phiri la mchenga la Dune 45 dzuwa lisanatuluke, ine n'kutsala m'munsi ndi mazira ndi ketulo. Masana tinaima pa Solitaire, kamalo ka pampu ya mafuta, sitolo ndi bekale yotchuka ndi keke ya maapozi. Ndinauza alendo kuti agule chidutswa chimodzi anthu awiri, chifukwa madzulo kunali mphodza ndi mpunga wanga.

Lachiwiri tinadya fumbi la msewu wa C14, kudutsa chikwangwani cha Tropic of Capricorn ndi chigwa cha Kuiseb, mpaka tinatulukira ku Walvis Bay. Kuchokera pamenepo ndi makilomita 30 ndi kena kake pa phula, mchenga kudzanja lamanja, mafunde kumanzere. Amene anali atavula malaya m'chipululu anayamba kufunafuna majuzi. Madzi a m'nyanjayi amabwera ozizira kuchokera kumwera, pamtsinje wa m'nyanja wa Benguela, ndiye tauniyi imakhalira nkhungu ngakhale mvula sigwa kwenikweni. Kuzizira kumeneku n'kumene kumachititsa kuti chakudya cholemera cha mafuta chilowe bwino m'dziko la chipululu.

Swakopmund anaiyambitsa ndi Ajeremani mu 1892. Ankafuna doko lawolawo, popeza doko labwino la Walvis Bay linali m'manja mwa Angerezi. Ajeremaniwo analamulira dzikoli kuyambira 1884 mpaka asilikali a South Africa anawalanda mu 1915, koma ambiri sanachoke, ndipo zidzukulu zawo zilipo. Nsanja younikira zombo ya 1902 ikadali chilili, nyumba ya Woermannhaus ikadali ndi nsanja yake, nyumba ya Hohenzollernhaus ya 1906 ikadali ndi chiboliboli chosenza dziko padenga. M'masitolo mumamva Chijeremani, ndipo nyuzipepala ya Allgemeine Zeitung yochokera ku Windhoek imagulitsidwa pambali pa za Chingerezi.

Tisanatsitse n'zikwama zomwe, ndinatenga kope langa lolembamo zimene aliyense sadya n'kuthamangira m'tauni. Paulendowu panali alendo 18. Mayi mmodzi wa ku India sadya nyama iliyonse, anyamata awiri sadya nkhumba, mtsikana wina wa ku Australia ufa wa tirigu umamudwalitsa. M'tauni imene nkhumba ndi mfumu ya pa menyu, kope limeneli ndilo ntchito yonse. Tebulo la anthu 21 silipezeka mwangozi, ndipo makhitchini a kuno sachedwa kutseka. Ndinapeza malo ku lesitilanti ya Swakopmund Brauhaus.

Chimene alendo ambiri amadzera ndi Eisbein, mwendo wa nkhumba kuchokera pabondo kutsika, wonse ndi fupa lake ndi khungu lake. Umodzi umatha kufika kilogalamu yathunthu. Utafika patsogolo pa adalaivala athu, iwo anangoti, "Amwene, tithandizane," n'kukankhira mbale pakati. Ndinayamba ndagogoda khungu ndi msana wa mpeni, linalira gwa gwa. Pansi pake panali mafuta osungunuka bwino, kenako nyama yofiirira imene inkachoka yokha pafupa. Kufiira kumeneko si kusapsa, ndi chizindikiro chakuti mwendowo unakhala masiku angapo m'madzi amchere wokonzera nyama. Akautulutsa amauwiritsa pamoto wochepa maola awiri kapena atatu pamodzi ndi anyezi ndi tsabola wakuda, kenako amauumitsa n'kuuika pamoto waukali kuti khungu liphulike. Wofulumira amaononga zonse: moto ukachuluka powiritsa nyama imachita ulusi, khungu likalowa mu uvuni lili lonyowa limatuluka lotafunika movuta. Uwu unali wa munthu wodziwa ntchito yake.

Pambali pake panali mbatata yosinja, masitadi woyabwa m'mphuno, ndi sauerkraut, kabichi wosasa. Adalaivala anamukankhira kumbali. Ine ndinawapempha kuti alume nyama ya mafuta ija n'kutsatiza kabichiyo pang'ono, chifukwa yekha ndi wowawasa kwambiri, koma akakumana ndi mafuta amatsuka m'kamwa n'kukupatsa mpata wa nthongo ina. Anamaliza yense. Mowa unali Windhoek Lager wa pampopi, umene opanga ake amanyadira kuti amatsatira lamulo la ku Bavaria la 1516 lofulula ndi madzi, balere ndi hops basi.

Lachitatu alendo anabalalika: ena kukatsetsereka pamchenga, ena kukalumpha m'ndege, ena paboti ku Walvis Bay kukaona ma dolphin n'kudya oyster. Ine ndinali kogula za masiku akutsogolo. Mabutchala a ku Swakopmund ndi amene ndimawadalira kwambiri pamsewu wonsewu. Ndinatenga soseji za bratwurst, ndi za Landjäger zouma zija zimene sizifuna firiji, ndi nyama ya oryx, nyama yam'chipululu ya nyanga zazitali zowongoka. Ku bekale ndinaitanitsa mabanzi a Brötchen a Lachisanu m'mawa ndi buledi wakuda wa rye, amene amatha masiku ambiri osachita nguwi. Pogula nyama ndimawerengera mpaka ku Etosha, malo osungirako nyama zakutchire kumpoto kwa dzikoli, chifukwa potuluka kumeneko a zaziweto amatsegula firiji, ndipo nyama yaiwisi saloleza kuti ibwerere chakumwera, kuopa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe.

Masana ndinagogoda khomo la kuseri kwa lesitilanti ina kumene ndimadziwana ndi mayi wophika. Kwawo ndi kumpoto, chilankhulo chawo ndi Oshiwambo, mmene mayi amatchedwa Meme, ndipo amakhala ku Mondesa, komboni ya kumbali kwa tauniyi. Ndinati, "Meme, kabichi uja mumamutani kuti asanunkhe?" Anandilowetsa m'kachipinda kozizira n'kuvundukula ndowa. Kabichi wodulidwa mopyapyala, mchere magalamu 20 pa kilogalamu iliyonse, kumufinya ndi zibakera mpaka atatulutsa madzi ake, kumutsendereza ndi mbale ndi cholemera pamwamba kuti asaonane ndi mpweya, kenako kudikira milungu ingapo. Viniga salowamo. Anandilawitsa wa mlungu umodzi, amene anali akadali kabichi wamchere chabe, kenako wa mwezi, wosasa bwino koma wokukutika. Nzeru yake ndi yomwe ija ya mfutso: ndiwo zikachuluka, sungirani nyengo imene kudimba kulibe kanthu. Kwa Ajeremani nyengoyo inali chisanu.

Nditamwaza maso m'khitchinimo ndinaona zimene ndimaona m'makhitchini onse amene ndalowamo m'tauniyi. Menyu ndi ya Chijeremani, mwini wake nthawi zambiri ndi mzungu, koma wopondaponda schnitzel (nyama yopyapyala yokazinga m'nyenyeswa za buledi), wokanda spätzle (timasupageti ta ufa ndi mazira), wotambasula ufa wa keke ya strudel mpaka uonekere mkati, ndi anthu a ku Mondesa ndi ku DRC (komboni ina ya tauniyi, osati dziko la Congo), kumene nyumba zambiri ndi zamalata. Amabwera pa taxi m'mawa nkhungu ili tolo, n'kubwerera usiku. Mayiwa aphika chakudya chimenechi kwa zaka zambiri, ndipo ku Germany sanapondeko. Ndimauza alendo anga kuti 10 peresenti yoonjezera pa bilu pothokoza antchito si ya ulemu chabe, ndi ya lendi ndi fizi.

Usiku umenewo tinadya kwina, ndipo sizinayende. Ndinali nditapitako masana n'kufotokoza za mayi wa ku India uja, anandilonjeza spätzle ya tchizi ndi mbatata yokazinga. Mbale itafika, mayiyo anatembenuza mbatata ndi foloko n'kupeza tizidutswa ta nyama ya nkhumba. M'kaphikidwe kachijeremani tinyama timeneti timalowa paliponse, mu mbatata yokazinga, mu saladi wa mbatata, ngakhale mu sauerkraut, ndipo wophika satiwerenga ngati nyama, kwa iye ndi zokometsera. Mayiyo sanakalipe. Anangoika foloko pansi, maso ali jenjenje misozi, chifukwa chibadwire nyama sinalowe m'kamwa mwake. Ndinalowa ndekha kukhitchini n'kuima pomwepo mpaka anatenga chiwaya choyera ndi batala watsopano. Woyang'anira ankafuna kulipiritsa mbale zonse ziwiri. Tinakambirana modekha koma sindinasunthe, ndipo anafufuta. Kenako panabwera bilu imodzi ya anthu onse, ena akulipira ndi khadi, ena madola a Namibia, ena ma rand, amene kuno amayenda mtengo umodzi ndi dola. Ndinagona mochedwa.

Lachinayi madzulo ndinapita ku Café Anton ndi banja lina lachikulire la ku Germany limene linali paulendowu. Mwambo wa khofi ndi keke wa masanawa ndi umene ndimaukonda kuposa zonse za kuno. Keke ya Black Forest inabwera yosanjikizana, chokoleti, kirimu weniweni, ma cherry owawasira, shuga wosapyola. Agogo aakaziwo analuma Apfelstrudel n'kukhala chete kanthawi. Kenako anati kwawo masiku ano achinyamata amadya döner ndi pizza, ndipo kukoma kumeneku anakusiya patebulo la amayi awo. Aamuna awo anandiuza kuti ku Berlin Eisbein amangowiritsa, khungu lake limakhala lofewa, ndipo wa khungu lokukutika ndi kaphikidwe ka ku Bavaria.

Potuluka tinadutsa pa Marine-Denkmal, chipilala cha 1908 chokumbukira asilikali a Germany amene anafa pomenyana ndi a Herero ndi a Nama, mitundu iwiri ya anthu a m'dzikoli. Agogo aamuna anaima n'kuwerenga mayina. Anandifunsa ngati kuli chipilala cha anthu enawo. Ndinaitana taxi. Kumapeto kwa tauni, pafupi ndi Kramersdorf, kuli bwalo la mchenga lodzaza timilu topanda mayina. Pakati pa 1904 ndi 1908 ku Swakopmund kunali msasa wa akaidi, kumene a Herero, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, ankagwiritsidwa ntchito ya kalavula gaga padoko ndi panjanji, n'kumafa ndi njala, kuzizira ndi matenda. Olemba mbiri amati m'dziko lonse munafa a Herero pafupifupi 65,000 ndi a Nama pafupifupi 10,000. Boma la Germany linavomereza mu 2021 kuti kumeneku kunali kupulula mtundu, n'kulonjeza ma euro 1.1 biliyoni pa zaka 30, koma atsogoleri ambiri a mitundu iwiriyi anakana, ponena kuti sanakhale nawo pazokambiranazo. Ine nkhaniyi sindiibisira mlendo aliyense wofunsa. Sindiona cholakwa kudya strudel, ndipo anthu amene amadyetsa ana awo poiphika sangakondwe titaisiya. Chimene chimandipweteka ndi kuona anthu akujambula nyumba zokongolazi masiku atatu n'kuchoka osamva n'komwe kuti manda aja alipo. Agogo aja sanayankhule m'njira yonse yobwerera, koma madzulo anapempha mayi wotsogolera ulendo kuti afotokozere gulu lonse.

Usiku womwewo ine, adalaivala ndi alendo asanu tinapita ku Mondesa. Tinaima pa mbaula za kapana, nyama ya ng'ombe yootchera pomwepo, yoduladula, yosunsa mu tsabola ndi mchere, ndi tomato ndi anyezi pambali. Kenako nsima ya mchewere, imene kuno amati oshifima, ndi ndiwo zamasamba. Mtsikana wa ku Australia uja anadya mosaopa koyamba chifikire m'tauniyi, popeza munalibe tirigu. Mtengo wa tonse sunafike pa Eisbein zitatu.

Lachisanu tinanyamuka Brötchen zikadali zotentha, n'kukamanga matenti pansi pa matanthwe a Spitzkoppe. Kumeneko ndinabwerera pa mapoto anga. Oryx ija ndinaidula mopyapyala, n'kuiponda ndi botolo pakati pa mapepala apulasitiki, kenako ufa, dzira, nyenyeswa za mabanzi otsala. Meme anandiuza kuti nyenyeswa usazikanikize, ndipo mafuta achuluke kuti nyama iyandame, uzigwedeza chiwaya mafutawo azikwera pamwamba. Chikutiro chinatukumuka bwino. Oryx ilibe mafuta, ndiye mphindi ziwiri mbali iliyonse n'zokwana. Wa ku Australia ndinamukutira ndi ufa wa chimanga, mayi wa ku India ndinamupangira ya biringanya m'chiwaya chake chimene sichikhudza nyama.

Loweruka unali msewu wokhawokha wopita kumpoto, nkhomaliro ya Landjäger ndi buledi wakuda pansi pa mtengo. Soseji za bratwurst zotsala tinaziotcha zonse Lamulungu usiku ku Okaukuejo, msasa wa m'kati mwa Etosha, anthu akuthamangira kuchitsime kukaona zipembere mbale zili m'manja, kuti a pageti akadzatsegula firiji asadzapezemo chaiwisi.