Semesita imene ndinawerenga ndi makutu

Kuyambira ku pulayimale ndinkadziwika kuti ndine wochedwa. Anzanga akamaliza ndime, ine ndinali ndikadali pa mzere wachitatu, chala chili pansi pa liwu, milomo ikugwedera. Chodabwitsa n'choti aphunzitsi akafotokoza pakamwa ndinkamva msanga, mwina kuposa ena amene ankandiseka. Dzina la vutoli, dyslexia, ndinalimva nditalowa kale koleji.

Nditayamba kufufuza ndinapeza nkhani ya dokotala wa ku England, W. Pringle Morgan, amene mu 1896 analemba mu British Medical Journal, magazini ya madokotala, za mnyamata wa zaka 14 dzina lake Percy. Mnyamatayu anali wochangamuka, masamu ankawatha, koma kuwerenga kunkamukanika. Ndinaseka ndekha m'laibulale, chifukwa zinali ngati akunena ine. Anthu ambiri amaganiza kuti ife timaona zilembo zitazondoka kapena kuti tikufunika magalasi. Maso alibe mlandu. Chimene chimavuta ndi kulumikiza chilembo ndi kamvekedwe kake mwamsanga, moti pofika kumapeto kwa chiganizo mphamvu zonse zathera pogwirizanitsa mawu, tanthauzo lathawa. Chichewa chimandichitirako chifundo poti chimalembedwa monga chimatchulidwira. Chingerezi, chimene though, through ndi tough amafanana pa pepala koma pakamwa n'kusiyana, chinkandiliza.

Semesita yathayi ndinasintha kawerengedwe. Manotsi ndimawajambula ndi foni, Google Lens n'kusandutsa chithunzicho kukhala mawu, kenako ndimawaika mu Word ndi kutsegula Immersive Reader ya Microsoft. Imatalikitsa zilembo, imabisa mizere ina n'kusiya umodzi wokha, ndipo imawerenga mokweza uku ikuwalitsa liwu limene yafikapo. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kuduladula mawu m'maphatikizo. Tsiku lina usiku, magetsi atathima, ndili ndi mahedifoni olira khutu limodzi, ndinaona liwu lija la photosynthesis litagawidwa zidutswazidutswa ngati ma-me-mi-mo-mu wa Sitandade 1. Ndinaliwerenga kamodzi kokha osapunthwa. Ndinabwereza kachiwiri, mongodzisangalatsa.

ChatGPT, pulogalamu imene umailembera funso n'kukuyankha ngati munthu, ndimaigwiritsa ntchito mosiyana. Ndime ikakhala yopiringizika ndimaiuza kuti iilembenso m'ziganizo zifupizifupi, kenako indifunse mafunso asanu. Polemba asayimenti ndimayankhula, foni n'kumalemba, ine n'kumvetsera zimene zatulukazo kuti ndigwire polakwika. Masipelo anga, amene kale ngakhale kompyuta inkalephera kulota kuti ndimati chiyani, tsopano amakonzeka.

Koma apa ndiyenera kuulula. Panali milungu iwiri imene ndinachita ulesi, ndinkangopempha chidule cha mutu uliwonse osamvetsera buku lenilenilo. Pa mayeso a pakati pa semesita ndinalemba mfundo ina molimba mtima, ndipo alekichala anaizunguliza ndi cholembera chofiira n'kulemba kuti, mwaitenga kuti? M'buku munalibe. Makinawo anaipeka okha, ndipo munthu ngati ine, amene kubwerera m'buku kukatsimikiza kumamutengera ola lathunthu, ndiye wosavuta kunamiza. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndamvetsera mutu wonse, chidule chimabwera pambuyo.

Dandaulo langa lalikulu ndi Chichewa. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, koma mawu owerenga mokweza a pa foni yanga akakumana ndi chiganizo chathu amachitchula ngati mlendo wotsika ndege dzulo, ng'ombe n'kumveka zina zosadziwika. Mphwanga wa Sitandade 3 ali ndi zizindikiro zonse zimene ndinali nazo, ndipo mabuku ake ambiri ndi a Chichewa. Ndinayesa kumuikira foniyo Loweruka lapitali, anangoti kukamwa yasa, kenako n'kuphulika kuseka. Ndinaizimitsa, tinakhala pamkeka, ndipo ndinamuwerengera ndekha pang'onopang'ono, chala changa ndi chake zili pa mzere umodzi.