Zikomo nonse, maphunziro athu a m'malire tamaliza

Lachisanu lapitali ndalandira satifiketi yanga ya maphunziro ofufuza mankhwala ozunguza bongo m'malire, ndipo ndisanabwerere kuchipata ndati ndithokoze poyera, poti ena amene anandithandiza mwina sitidzaonananso.

Kwa milungu itatu tinali m'kalasi imodzi: apolisi, a kasitomu, a zolowa ndi kutuluka, ndi anzathu oona za mankhwala. Ineyo ndagwira ntchito m'malire zaka zambiri, koma ena mwa anthu amenewa ndinkangowapatsa moni m'mawa basi. Thiraki inkadutsa m'manja mwathu, aliyense n'kuona pepala lake, ine kukayikira kwanga ndinkapita nako kunyumba. Lero nambala zawo zili m'foni mwanga ndipo ndikudziwa woimbira ngakhale pakati pa usiku.

Zikomo abwenzi akunja amene munalipira zonse, kuyambira mayendedwe mpaka timabokosi toyezera mankhwala. Aphunzitsi athu, inu ndiye mwandigwira mtima. Simunabwere kudzatinyoza. Munayamba mwatifunsa mmene njira zachidule za kwathu zimayendera, n'kumalemba. Munatiuza kuti ntchito yoika apolisi ndi a kasitomu pagulu limodzi lofufuza makontena inayambitsidwa ndi UNODC (nthambi ya United Nations yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo ndi umbanda) ndi World Customs Organization (bungwe la a kasitomu la padziko lonse) mu 2004, ndipo tinaona kuti si zamaloto ayi, kwina zikuchitika kale.

Sindidzaiwala tsiku loyeza ufa. Kaufa kochepa ngati ka pansonga ya machesi, ndinakaika m'kathumba, n'kuswa kabotolo ka m'katimo, manja akunjenjemera. Madzi aja anasanduka a buluu: kokeni. Wa heroin anasanduka a pepo. Tsiku lina tinagona chagada pansi pa thiraki, kugogoda thanki ya mafuta ndi sipanala, kumvetsera pamene pakulira mosiyana. Ife tinazolowera chamba, chija chokulunga m'makoko a nthochi, chimene fungo lake limadziulula lokha. Koma heroin wochokera ku Afghanistan, amene amatsika m'mabwato kugombe la kumpoto kwa Mozambique n'kuyenda pamsewu kupita ku South Africa, mphuno singamugwire. Ndife oyandikana nayo njira imeneyo, tisadzinamize.

Anzathu a tsidya lina amene munabwera masiku omaliza, zikomo. Chitsegulireni chipata chogwirira ntchito limodzi cha Mchinji ndi Mwami, m'malire a Malawi ndi Zambia, mu 2022, takhala tikuona kuti mayiko awiri akhoza kukhala pansi pa denga limodzi. Mtima womwewo ufike ndi pa nkhani ya mankhwala ozunguza bongo.

Mafumu athu ndi anyamata a kabaza amene mumatitsina khutu, maina anu sinditchula, mukudziwa chifukwa chake. Popanda inu, zida zonsezi zingangochita fumbi mu ofesi.

Ntchito imeneyi ndimaitenga ngati yanga chifukwa mwana wa achemwali anga anasokonekera mutu ndi chamba ali Fomu 3. Ndinkamuperekeza ndekha kuchipatala ku Zomba. Pano akupeza bwino, wayamba zaukalipentala, ndipo ndi iye anandikhomera felemu ya satifiketiyi.

Amayi, munasiya munda wanu nthawi yopalira kudzandisungira ana. Bambo a kwathu, munkandiimbira madzulo aliwonse kundifunsa ngati ndadya. Ambuye akudalitseni. Lolemba ndikulowa shifiti ya usiku, ndipo kabokosi kanga ndakalongedza kale m'chikwama.